Zikomo Wochokera Pangodya

Magetsi apita, ndipo mmene mvula ikugweramu sabwera msanga. Mafoni anuwo asiyeni patebulopo, ndiwaona mawa. Sendezani benchilo kuno kumbaula, wina atembenuze chimangacho chisapse. Paja munkandifunsa ngati pali ntchito imene inandiimika mutu. Ilipo imodzi, ndipo mpaka lero sindinaimvetse.

Ine Fatsani Kawaza ndagwira mawaya pano pa Nathenje zaka khumi ndi zitatu. Za mizimu sindinkazilabadira. Munthu akabwera n'kunena kuti wailesi yake ikumang'ung'udza yokha, ndinkamuuza kuti dikirani nditsegule, mzimu wanuwo muuone ndi maso. Nthawi zambiri zinkakhala mphemvu.

Chaka chathachi, mwezi wa Okutobala, anandiimbira mayi wina ali ku Joni, dzina lake Chifuniro. Anati watumiza pabasi kompyuta ndi katoni ya masipika, ndikalandire, kenako ndikalumikize kwa bambo ake, Aphunzitsi Kamphinda, kuseri kwa phiri kuja.

"Koma achimwene, chonde lisafike Loweruka," anatero. "Loweruka akuwasudzula."

Aphunzitsi Kamphinda kwawo ndi ku Dowa. Kuno anabwera chikamwini, n'kukhala pamudzi wa akazi awo, aNamilanzi, zaka makumi anayi ndi chimodzi. Mayiwo anamwalira chaka chinacho. Tsopano nthawi inali itakwana yoti achibale a malemu awamasule mwamwambo, abwerere kwawo. Panalibe mkangano, mwambo basi. Chimene bambowo anapempha n'chimodzi chokha: asanatuluke m'nyumba imene anamanga ndi manja awo, amvemo mawu a akazi awo. ANamilanzi ankatsogolera nyimbo m'kwaya ya amayi, ndipo nyimbozo zinajambulidwa kalekale. Chifuniro anaziika m'kompyutamo.

Katoni ndinaitsegula mushopu muno. Munali masipika asanu ang'onoang'ono ndi chisipika chimodzi cha besi, cholemera ngati ndowa yodzaza. Munalinso mawaya atatu opita kukompyuta: wobiriwira wa masipika akutsogolo, wakuda wa masipika akumbuyo, ndi wa olenji, umene umadyetsa sipika yapakati ndi chisipika cha besi chija. Ndinawerenga kawiri, ndinabwezamo, ndinamanga ndi mphira panjinga yamoto. Linali Lachinayi.

Ndinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Mukapitirira chigayo n'kusiya msewu waukulu, pali kanjira kolowera kumudziko, ndipo pamphambano pake pali mtengo wa mkuyu. Pansi pa mkuyuwo panaima mayi wina. Anavala bulauzi yoyera ndi duku loyera, ngati wochokera kumapemphero a amayi. Kunkatentha moti ngakhale mbuzi zinabisala, koma iye anangoima osanyamula kanthu. Ndinaliza hutala. Anapatuka n'kulowa m'maudzu, nkhope atalozetsa kumbali.

"Mwaswera bwanji, amayi?" ndinatero podutsa.

Nditayang'ana pagalasi ndinangoona mkuyu ndi fumbi langa. Galasi langalo ndi losweka pakona, ndiye ndinati vuto ndi lomwelo.

Aphunzitsi ndinawapeza akusesa pabalaza. Anali munthu wamtali, wowonda, malaya atawakoweka mabatani mpaka pakhosi. Pakhonde panakhala mlamu wawo, a Msampha, mchimwene wa malemu, akusema mpini wa khasu. Iwowa ndi amene ankayendetsa za kusudzulazo.

"Ndiye amisiri ake ndinu?" anandifunsa a Msampha. "Tione zinthu za ku Joni. Ife wailesi imodzi inkatikwanira mudzi wonse."

Ntchito ya masipika otere imayambira pampando. Umaika mpando pakati pa chipinda, chifukwa zonse zimaloza kukhutu kwa wokhalapo. Ndinawakhazika Aphunzitsi pampando wawo wa nsungwi. Masipika awiri ndinawaika mbali ndi mbali ya kompyuta, yapakati pansi pa galasi lake, chisipika cha besi pansi pa tebulo. Awiri akumbuyo ndinafuna kuwakhomera pamwamba, molingana, koma Aphunzitsi anandigwira mkono.

"Wakumanzereyo mumutsitse, mwana wanga. Akhale pangodya apo, m'munsi."

Pangodyapo panali mphasa yopindidwa, yotsamira khoma, ndi kapu yachitsulo pansi. Ndinawafotokozera kuti mawu akachokera m'munsi sakoma, komanso kuti kompyuta siingasankhe mawu a munthu mmodzi n'kuwatumiza kusipika imodzi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, monga amachitira aphunzitsi ndi mwana wolakwa.

"Ndamva. Mumutsitsebe."

Mwini nyumba ndi mwini nyumba. Ndinakhoma msomali kutalika kwa bondo, ndinayendetsa mawaya m'mbali mwa khoma, ndinabwerera kuseri kwa kompyuta. Wobiriwira ndinalowetsa m'bowo lake, wakuda m'bowo lake. Wa olenji kunalibe.

Ndinakhutula katoni yonse. Ndinapapasa m'matumba, ndinatuluka kukayang'ana panjinga. Mphira unali womangika mmene ndinamangira, katoni yosang'ambika. Ndinadzitukwana chamumtima, kenako ndinawauza kuti masipika anayi ayamba lero, awiri otsalawo mawa.

M'kompyuta muli poyesera. Ukadina, kabelu kamalira m'sipika imodziimodzi mozungulira, kuti udziwe ngati walumikiza bwino. A Msampha analowa n'kuima pakhomo, mpini uli m'manja. Ndinadina. Kabelu kanalira kutsogolo kumanzere, kenako kutsogolo kumanja. Yapakati ndi ya besi zinadutsa zili chete, monga ndinayembekezera. Tsopano inali nthawi ya pangodya paja.

Kabelu sikanalire. Panamveka mawu a mayi, otsika, apafupi kwambiri.

"Zikomo."

Kunja nkhuku imene inkatetera inasiya. Kenako kabelu kanalira kumbuyo kumanja ngati palibe chachitika.

Aphunzitsi anaimirira pang'onopang'ono. Ananyamula mpando wawo n'kuusendeza cha kutsogolo, monga umachitira munthu akafuna kudutsa kumbuyo kwako ndi ndowa pamutu.

"Kompyuta ya ku Joni yaphunzira liti Chichewa?" ndinatero, kuyesa kuseka. Ndinaseka ndekha.

Ndinachita zimene mmisiri aliyense akanachita. Ndinamasula sipika ya pangodyayo n'kuisinthanitsa ndi inzake ya kumanja. Ndinati ngati vuto lili m'sipika, lisamukira kumanjako. Ndinadinanso. Ya kumanja inaliza kabelu bwinobwino. Pangodya paja mawu aja anabweranso, omwewo, osakwera, osatsika. Aphunzitsi anasendezanso mpando.

Apa ndinadzilimbitsa mtima. Ndinati tisiye zoyesazi, tiike nyimbo zimene ndabwerera. Kwaya inayamba, ndipo kunena zoona inadzaza nyumba yonse. Mawu a aNamilanzi ankatsogola, omveka bwino, amayi ena n'kumalandira. A Msampha anatsamiritsa mpini kukhoma n'kuvula chipewa. Aphunzitsi anatseka maso, milomo ikutsatira nyimbo. Ndinayamba kupuma bwino.

Nyimbo itatha, m'kachetechete kaja kamene kamakhala pakati pa nyimbo ndi inzake, pangodya panamvekanso.

"Zikomo."

Zinachitika pakutha pa nyimbo yachiwiri, ndi yachitatu. Nthawi iliyonse bambowo ankanyamula mpando n'kusendera. Pofika yachinayi anali atafika pakhomo. Anausiya mpandowo pomwepo, anatuluka, n'kukakhala pansi pakhonde. Ndinathimitsa kompyuta n'kuwatsatira, chifukwa kutsala ndekha m'chipindamo sindikanatha.

"Ndi Namilanzi," anatero Aphunzitsi. "Akupempha njira. Ndawatsekera."

"Alamu, musafulumire kumasulira," anatero a Msampha.

"Zaka makumi anayi ndamumva zikomo ameneyu, alamu. Akamadutsa kumbuyo kwanga ndi madzi, akamafuna kusesa pamene ndakhala. Ndimamudziwa. Akuti ndichoke."

Kenako anatiuza zimene anali asanauzepo munthu. ANamilanzi anadwala matenda ofa ziwalo zaka zitatu. Manja onse awiri anafa, pakamwa panatsekeka, sanatulutsenso liwu ngakhale limodzi. Ankagona pamphasa ija, pangodya paja, kuti aziona anthu olowa ndi otuluka. Aphunzitsi ndi amene ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi kapu ija, ngakhale kuchapa zitenje zawo kumjigo, amuna anzawo akuwaseka. Izi a Msampha ankazidziwa, mudzi wonse unkazidziwa.

"Koma chimene simudziwa n'chakuti tsiku lomaliza ndinawalakwira," anatero. "Ndinali nditangowasintha zofunda, iwo n'kuipitsanso. Msana unkandipweteka. Ndinati, 'Namilanzi, ndatopa nanu.' Anandiyang'ana. Anangondiyang'ana basi. Ndinatenga thumba n'kupita kuchigayo kuti mtima utsike. Pobwera ndinapeza atapita."

Anapukuta m'maso ndi chikhatho.

"Mawu omaliza amene anamva kwa ine ndi amenewo. Chaka chonsechi ndakhala ndikufunsa ngati anapita atandikwiyira. Lero ndayankhidwa. Sindidikira Loweruka. Mawa amisiriwa akabwera andinyamule mpaka pasiteji."

"Alamu, mukachoka osasudzulidwa mutichititsa manyazi tonse," anatero a Msampha. "Anthu adzati tinakuthamangitsani. Ndipo inu mudzakhala womangika mpaka imfa."

"Mwini wake wanena kale. Inu mudzangobwereza."

Ine ndinamva chisoni, ndinamvanso kuti ndine wolakwa, chifukwa ndi manja anga amene anabweretsa zimenezi m'nyumba ya munthu wokalamba. Nzeru ndinalibe. Ndinangonena chimene chinabwera pakamwa.

"Bambo, ntchito yanga sinathe. Masipika awiri sanayankhule. Sindinasiyepo ntchito yatheka kwa munthu. Mundilole ndimalize mawa, kenako ndikuperekezani kumene mukufuna."

Anagwedeza mutu movomera, ngati munthu amene zonse zamuthera.

Pobwerera ndinayenda pang'onopang'ono, maso pansi, kufunafuna waya uja. Pamkuyu panalibe munthu, panalibenso waya. Mushopu muno ndinagubuduza makatoni onse. Mawaya ndili nawo ambiri, mukuwaona apo, koma wa olenji uja mutu wake wolowa m'chisipika unali wachilendo. M'mawa mwake ndinazungulira anzanga onse a pa Nathenje, wina mpaka anandiuza kuti ndikaufune ku Joni komweko. Dzuwa litakwera ndinanyamuka chimanjamanja, ndikukonza mawu opepesera.

Nditafika pamphambano njinga inazima yokha. Mafuta analimo. Ndinaponda kawiri, katatu, osayaka. Malo onse anali zii, ngakhale nyenje zimene zimasokosa mwezi umenewu sizinkamveka. Nditadzutsa mutu ndinauona waya uja. Unali pakanthambi ka mkuyu, kutalika kwa phewa la munthu. Sunali wongokoleka ayi. Unali wokulungidwa bwinobwino mozungulira, nsonga yake atailowetsa m'kati, ndendende mmene amayi amapangira nkhata yosenzera mtsuko.

Dzulo lake ndinayang'ana pomwepo ndipo panalibe kanthu. Ndinautenga ndi zala ziwiri. Kunja kunkatentha, koma wayawo unali wozizira ngati wachokera m'madzi. Nditaponda njinga inayaka kamodzi.

Aphunzitsi ndinawapeza pakhonde atavala jekete, chikwama chili pambali. A Msampha anakhala chapatali, nkhope ili yakugwa. Ndinawaonetsa wayawo osaumasula, n'kuwauza kumene ndaupeza. A Msampha anautenga, anautembenuza, n'kundibwezera msanga.

"Mlongo wanga sankadutsa chinthu chili pansi osachitola," anatero motsitsa.

Kuwalowetsa Aphunzitsi m'nyumba inali ntchito. Anati amva kale zokwanira. Ndinachita kuwagwadira.

"Kamodzi kokha, bambo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukamva zomwezo, chikwamachi ndinyamula ndine."

Analowa. Ndinabwezera mpando pakati pa chipinda, iwo n'kukhala cham'mphepete mwake, okonzeka kunyamuka. Ndinamasula nkhata ija, koma bowo la olenji ndinaliphonya kawiri. Ndinayatsa kompyuta. Chisipika cha besi chinayatsa kanyali kake.

Ndinadina. Kabelu kutsogolo kumanzere. Kabelu kutsogolo kumanja. Yapakati, imene dzulo inali chete, inalira bwino. Itafika nthawi ya chisipika cha besi, chimene chimayenera kunguluma pang'ono, sichinatulutse kanthu. Ndinati ndiye kuti chinafera m'basi. Kenako pangodya paja.

"Zikomo."

Aphunzitsi anagwira mpando kuti aimirire. Asanadzuke, pansi pa tebulo panamveka china.

Phu. Phu. Phu.

Katatu, mosafulumira. Sanali mawu a ng'oma, sikunalinso kugogoda. Kunali kuomba m'manja, kuja kwa manja ofumbata, kumene amayi amaomba atagwada. Kuomba kotero mawu ake ndi otsika, timasipika tating'ono sitingawatulutse. Ndinakumva m'chifuwa. Kapu yachitsulo ija inanjenjemera pasimenti, kenako inakhala chete.

Kabelu kanalira kumbuyo kumanja. Palibe anakalabadira.

Woyamba kuyankhula anali a Msampha. Anali atatsamira chitseko, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Alamu," anatero, "wopempha njira saomba m'manja."

Aphunzitsi anatsika pampando, bondo limodzi, linzake, n'kutembenukira pangodya paja. Sanayang'ane sipika. Anayang'ana mphasa.

"Manja aja achira," anatero.

Analira ngati mwana, bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri, ife osawaletsa. Atatha anapukuta nkhope, anafumbata manja awo aataliwo, n'kuomba katatu.

"Zikomo ndinu, Namilanzi. Sindinatope nanu. Unali msana chabe."

Ine ndinatuluka panja, chifukwa mawu amenewo sanali oti mlendo amve. Ndinakhala pakhonde pafupi ndi chikwama chija. Posakhalitsa ndinamva a Msampha akundiitana kuti ndikaike nyimbo, poti iwo mabataniwo sankawadziwa. Tinamvera nyimbo zonse khumi ndi ziwiri mpaka dzuwa linapendeka. Pakati pa nyimbo ndi inzake panali chete wamba. Ndisanachoke ndinayesanso kabelu kaja katatu konse. Kanalira paliponse, ndi pangodya pomwe, ndipo chisipika cha besi chinanguluma monga chinapangidwira.

Loweruka anawasudzula mwaulemu. Anandiitana, ndinapita. Kunali thobwa, kunali anthu ambiri. A Msampha poyankhula anati mkamwini amene anachapa zitenje za mlongo wawo zaka zitatu sachoka ngati mlendo, ndipo khomo la nyumbayo likhala lotsegula tsiku lililonse limene angafune kubwera. Amuna aja ankawaseka kumjigo anangoti mitu zyoli. Aphunzitsi anakwera galimoto akumwetulira, mphasa ija ataikumbatira.

Patatha sabata ndinapita ku Dowa kukalumikizanso zonse m'nyumba ya mphwawo wa Aphunzitsi, kumene anakakhala. Ndinawafunsa ngati yakumanzereyo nditsitsenso m'munsi.

"Ayi, mwana wanga, muikhomere pamwamba monga mwa ntchito yanu," anatero. "Anadzuka."

Mpaka lero akumvera nyimbo zawo, ndipo Chifuniro amati palibe chachilendo chamvekanso. Ine ndafufuza m'kompyuta ija paliponse. Liwu lija mulibe.

Mayi wa pamkuyu sindinamuonenso. Koma tsiku la kusudzula lija, pobwerera, ndinaimitsa njinga pamphambano paja mwadala. Ndinatsika, ndinavula chipewa. Ndinaganiza za bambo amene akanapita kwawo atasenza mawu atatu aja mpaka kumanda, chifukwa cha waya umodzi umene ine ndinataya. Amene anautola anandithandiza ine kaye asanathandize amuna awo. Ndinati, "Zikomo, amayi." Ndiye ndinakumbukira kuti liwu limeneli palokha silikwana, lingathe kumveka ngati ndikufuna kudutsa. Ndinafumbata manja, ndinaomba katatu.

Mwakhala mukundiseka pano kuti Fatsani akamathokoza amaomba m'manja ngati mayi wa kumudzi. Sekani. Chimangacho chapsa, gawanani. Amene wandipatsa chachikuluchi ayang'ane kuno, aone manja anga.